Bokosi la Miyala la a Zefaniya

Tsiku limene Horace adayamba uphunzitsi pa sukulu ya pafamu kufupi ndi Chegutu, bambo ake a Zefaniya adampatsa bokosi la miyala yomwe adatola m'migodi pa zaka makumi atatu. Munali wakuda wa ku Hwange, wodindika tsamba lakalekale, ndi woyera wa ku Kadoma, wokhala ndi kamtsempha ka golide.

"Ine sukulu ndidangoionera pamsewu," adatero mkuluyo. "Iyi iziphunzitsa ana. Isadzalowe mumtondo."

"Ndalumbira, bambo."

Zaka zambiri ana ankapatsirana miyalayo, kuikanda ndi msomali, ena mpaka kuinyambita. Kuseri kwa kalasi Horace adakumba dzenje loonetsa dothi lakuda pamwamba, katondo pakati, thanthwe pansi.

Kenaka mafamu adasintha eni, ndipo pofika 2008 malipiro a mphunzitsi sankagula ngakhale sopo. A Zefaniya nkuti atagona kale.

"Bambo a Rumbi, tidya tsamba la pamwala?" adafunsa mkazi wake Jenifa. "Anzanu akukumba golide, inu mwafungatira miyala ngati mazira."

Horace adabwereka mtondo wachitsulo nasinja woyera uja. Wogula golide atamfunsa komwe adautola, manyazi adamgwira. Akanati chiyani, kuti wasinja chosiya bambo ake?

"Kuseri kwa sukulu," adatero.

Ufa womwe adagula ndi ndalama za golideyo udatha m'milungu iwiri, koma bodza lidamera miyendo. Lolemba lina adapeza amuna a mapiki ali m'dzenje lake lija, ena atayamba kale kukumba dimba la ana ndi bwalo la mpira.

"Kuno kulibe kanthu! Ndidanama!"

"Aa, aphunzitsi, mukufuna mudye nokha?" adaseka Admire, yemwe adadutsa m'manja mwake m'kalasi kalekale. "Si inu nomwe mudatiuza kuti chuma chimagona pansi?"

Golide sadampeze. Adasiya maenje okhaokha ndi khoma la kalasi litang'ambika, ndipo pochoka adanyamula bokosi lija, ati mwina miyala ina ili nako kamtsempha. Sukulu idayamba yatsekedwa. Akale sadaname: ndidyeretu chire adasowa mbewu.

Sukulu itatsegulidwanso, Horace adajambula tsamba pabolodi ndi choko, nauza ana kuti lotere limapezeka m'kati mwa mwala. Anawo adangomuyang'ana. Miyala yonse ya a Zefaniya inali itathera mumtondo.