Njiri ndi Mbewu ya Apongozi

Kalekale, nyama zikadayankhula, padali Njiri. Muzivomera kuti tili tonse, osangonditong'olera maso. Njiriyu adali mkamwini, ndipo pakhomo la apongozi ake ankayenda mwaulemu, mawu ake apansipansi. Vuto lake lidali limodzi: akaona chinthu chaulere, mtima unkamuthawa.

Chaka china anankafumbwe adaononga mtedza wonse pakhomopo. Mvula ili pafupi, apongozi adauza mwana wawo Nangondo kuti atume mwamuna wake kutsidya kwa malume, akapemphe mbewu. Malumewo adapereka dengu limodzi, nati, “Yotsala ndi yomweyi. Ikatayika musabwerenso.”

Pobwerera, Njiri adapeza Khwangwala pamphambano akuchititsa njuga. Zida zake zidali makoko awiri a mtedza basi. Ankawaponya m'mwamba uku akuyimba:

“Onse chagada, wadya ndiwe,
Akasiyana, ndadya ndine,
Onse chafufumimba, tibwereze!”

“Achimwene, tulani katunduyo mupumeko,” adatero Khwangwala. “Chikho chanu cha mtedza, chikho changa cha mtedza. Kagwedwe n'kutatu: kamodzi kanu, kamodzi kanga, kamodzi kopanda mwini. Pali kuberana apa?”

Njiri adawerenga pa ziboda zake, naona kuti n'zoona. Adatula dengu.

Ulendo woyamba makoko adagwa onse chagada. Njiri adadya chikho, mtima udachita kuti myaa. M'maganizo adayamba kale kuona apongozi akumutamanda pakati pa anzawo.

Ulendo wachiwiri adakhazikika. Makoko adasiyana, adasiyananso, adamupatsako kamodzi, kenaka adasiyananso. Khwangwala ankangoyimba. Dzuwa lisanafike paliwombo, dengu lidali pakati.

“Mwina mulekere pomwepa, achimwene,” adatero Khwangwala, maso ali padengu.

“Ndileke bwanji? Makokowa andikana kambirimbiri. Tsopano atopa, nthawi ino ndi yanga.”

Ulendo wachitatu Njiri adakankha dengu lonse. Khwangwala adaponya. Khoko lina lidagwa chagada, lina chafufumimba. Paja amati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Khwangwala adaitana abale ake, natuta mtedza wonse, nauluka. Makoko awiri aja adamusiyira, ati akhale chikumbutso.

Njiri atafika kunyumba, adazungulira kuseri kwa nkhokwe, nakhala pamenepo mpaka Nangondo adamupeza.

“Bambo, mbewu ili kuti?”

Njiri adatulutsa makoko awiri aja, nafotokoza zonse, maso ali pansi. “Ndine watsoka, Nangondo. Masewerawo adali achilungamo, koma alipo wandilodza.”

Apongozi adali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo adamva zonse. Mukudziwa kuti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini wake. Choncho sadatembenuke. Adayankhula ndi mwana wawo, Njiri ali pomwepo akumva.

“Nangondo, bwera nawo makokowo. Limodzi ulipake mwaye, linalo ulisiye loyera.”

Nangondo adapaka.

“Tsopano uwafunse bambo a kwanuwo. Kuti iwo adye, makoko agwe bwanji?”

“Lakuda chagada, loyera chagada,” adayankha Njiri.

“Njira ina ilipo?”

“Palibe, amayi.”

“Nanga kuti Khwangwala adye?”

Nangondo adagoneka lakuda chagada, loyera chafufumimba. Kenaka adatembenuza onse awiri: lakuda chafufumimba, loyera chagada. Njiri adayang'ana, nayang'ananso.

“Uwauze kuti kagwedwe n'kunayi, osati kutatu,” adatero apongozi. “Kamodzi n'kobwereza, kamodzi n'kawo, kawiri n'ka Khwangwala. Iwo akamadya chikho chimodzi, mnzawoyo amadya ziwiri. Akadakhala pamenepo ndi nkhokwe yathunthu, nayonso ikadapita.”

“Koma amayi,” adatero Njiri, “makokowo adandikana kambiri. Ndimayesa kuti pomaliza andikomera mtima.”

“Uwafunse, Nangondo, ngati khoko la mtedza lili ndi mutu woti lizikumbukira mmene lidagwera poyamba. Palibe wawalodza. Adangokhala pansi osawerenga.”

Njiri adalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Adadikira kuti amulalatire, kapena amuuze kuti anyamule mphasa yake azipita kwawo. Zimenezo zikadamupepukira. Koma apongozi adangopitiriza kusenda chinangwa chawo, nati, “Munda wa kudambo uja chaka chino ugone. Ana adya ndiwo zopanda nsinjiro.”

Mawu amenewa adamupweteka kuposa ndodo. Manyazi adamugwira osamutaya. Mvula idagwa, minda ya anzawo idabiriwira, wa apongozi udamera udzu. Tsiku lililonse Njiri ankadutsa pamundapo popita kumtsinje, ndipo akakumana ndi anzake ankapatukira kutchire. Pa chakudya, kamwana kake kakafunsa kuti, “Amayi, bwanji ndiwozi sizikukoma?” iye ankasamba m'manja n'kutuluka.

Anthu atakolola, Njiri adayamba kuyenda m'minda ya eni kukunkha mtedza wotsalira m'nthaka, kuti abweze dengu la apongozi. Poopa kuti angamuone, ankagwada, mphuno ili m'dothi, n'kumafukula kamodzikamodzi. Dengulo silidadzadze. Mpaka lero mukamupeza Njiri kutchire, mudzamuona atagwada, nkhope ili pansi, akufukulabe.

Ndiye inu, wina akakuitanirani masewera n'kumati mwayi ndi wofanana, yambani mwawerenga njira zanu ndi njira zake. Mwini njuga sakhala pamphambano kuti akulemeretseni, ndipo mbewu ya eni saika pa njuga.

Yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule, isanapserere.