Kadontho Kosachoka pa Beira

Panali mayi wina ku Ntcheu amene mwamuna wake ankagwira ntchito m'sitima kudoko la Beira. Pochoka, mwamunayo anamuikira pa foni mapu osonyeza pamene sitimayo ili, nati, "Mukandisowa, muziyang'ana kadontho aka."

Mayiyo ankayang'anadi, m'mawa asanasese pabwalo, masana akamapuma kumunda. Koma kadonthoko kankangotuluka pang'ono n'kubwerera. Madoko amene sitimayo yafika: Beira, Beira, Beira yemweyo. Chikhalirecho sitima ya mwamuna wa mnzake inali lero ku Durban, mwezi wamawa ku Mombasa.

Azimayi a pamjigo, inu mukuwadziwa, sagona. "Sitima yanji yosayenda? Amwali, tsegulani maso. Bambowo apeza wowaphikira."

Mawuwo anamudya mumtima mpaka anaonda. Anapangana tsiku ndi ankhoswe kuti ukwati uthe. Koma tsikulo litakwana, mwana kumbuyo, anapitirira nyumba ya ankhoswe n'kukakwera basi ya ku Beira.

Atafika anaima m'mbali mwa nyanja. Chisitima chachikulu ngati phiri, chodzaza feteleza, chinali chitaima panja pa doko, chikuopa kutitimira mumchenga. Kenako kunatulukira kasitima kakang'ono, kotalika ngati mabasi awiri basi, kakuda ndi utsi, matayala akutha ali lendelende m'mbali. Kanagunditsa mphuno pachisitimacho n'kuyamba kuchikankha pang'onopang'ono mpaka chinakocheza. Mayi uja anayang'ana pa foni. Kadontho kaja kankayenda limodzi ndi kasitimako.

Mwamunayo ataweruka, manja ali bii ndi oyilo, anadzidzimuka kumuona.

"Mayi a Chifuniro, kwagwanji kumudzi?"

"Kulibe. Ndimangofuna kuona kumene mumapita."

"Ife sitipita kutali ayi," anaseka mwamunayo. "Timalowetsa ochokera kutali."

Mayiyo analira, chimwemwe ndi manyazi pamodzi. Za ankhoswe sanazitchule.

Inu amene mukundimva, sindikumuseka mayiyu. Mapu sanamunamize, anamuuza pamene mwamuna wake ali, koma sanamuuze chimene akuchitapo. Pakati panu alipo munthu amene mumamupeza pamodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo mwayamba kutopa naye. Musanamuweruze, nyamukani mukaime pafupi. Mwina katundu amene mukudya lero analowa pakhomo panu chifukwa iyeyo sanapite kulikonse.