Lipenga la Lawford Pansi pa City Centre

M'zaka zimene likulu linkasamuka ku Zomba, kuseri kwa msika wa Lilongwe kunali bwalo la mpanda wa bango la mayi wina, Naphiri. Masana ankagulitsapo tiyi ndi masikono. Loweruka dzuwa likapendeka, matebulo ankakankhidwira kumpanda, nyali n'kupachikidwa mumtengo wa mango, ndipo mlongo wake wamng'ono, Lawford Chikaonda, ankatulutsa lipenga m'bokosi. Lawford anakhala ku London zaka zambiri akuliza m'mabandi a eni. Anabwerako ndi lipengalo ndi jekete lakuda, koma mtima unatsalira komweko.

Anthu a ku Old Town ankamukonda. Atelala, ogulitsa nsalu, okhoma zidebe, alonda a m'nyumba za ku Area 9, onse ankafika fumbi lili m'mapazi. Nyimbo ikamulowa munthu m'mafupa, ankavina mpaka pakati n'kumata tambala pamphumi pa woimba. Kufupa kwake kunali kumeneko. Pamenepo Iddi, telala amene ankaimba ng'oma, ankalowetsa dzina la wofupayo m'nyimbo, ndi la mudzi wa kwawo lomwe, mpaka bambo wandevu misozi kulengeza. Lilongwe ameneyo musamufunefune lero. Anamukwirira ndi simenti.

Koma Lawford ankaliza atatsinzina, ndipo kuseri kwa zikope zake kunali mzinda wina. Ankaona misewu yonyowa ikunyezimira, anthu akutuluka m'sitima za pansi pa nthaka ngati ngumbi, masitepe otsikira ku chipinda cha nyali zofiira kumene utsi wa ndudu unkayandama ngati mtambo wosochera. Kumeneko anthu ankamvetsera ali duu, n'kuwomba m'manja nyimbo itatha. Kuzizira sankakukumbukira, ngakhalenso khomo la kuseri limene oimba akuda ankalowera. Kukumbuka ndi telala wochenjera, zigamba amazibisa m'kati.

Tsiku lina anafika pabwalo akumwetulira.

"Achemwali, ndapeza malo ku City Centre. Chipinda cha pansi pa nyumba ya maofesi. London yeniyeni!"

"Pansi? Wasanduka mbewa kodi, Lawford iwe?" anatero Naphiri akutsuka makapu.

"Kukubwera anthu ophunzira ochokera ku Zomba, odziwa kumvetsera nyimbo atakhala pansi."

"Nanga awa amakumata matambala pamphumiwa ndi mbuzi?"

"Awa? Ngakhale chidebe chigwe, avina."

Iddi, amene ankamanga chikopa cha ng'oma yake pamthunzi, anakweza mutu. "A Chikaonda, munayamba mwafikako ku City Centre dzuwa litalowa? Ine ndinakaperekako suti. Ikangokwana faifi, kumatsala alonda ndi akadzidzi."

"Iwe soka mathalauza, za mizinda undisiyire ine."

Bandi inamutsatira, poti lipenga ndilo linali mutu wa nyimbo. Anapaka makoma utoto wakuda, mababu n'kuwakulunga ndi pepala lofiira. Malamulo anatengera a kutsidya kwa nyanja: wopanda tayi asalowe, kufupa ayi, kutchula mayina m'nyimbo ayi, ndipo nyimbo ziziyamba usiku utakhwima.

Chimene anaiwala n'chakuti ku London anthu amagona pamwamba pa chipinda chovinira, ndipo sitima imawatula pakhomo. City Centre ya masiku amenewo inali nyumba zoyera zingapo zitaima patalipatali pakati pa tsekera, ngati zagwa kumwamba usiku. Basi yomaliza inkanyamuka kusanade. Mabwana a ku Zomba aja, akaweruka, ankathamangira ku nyumba zawo za mipanda, kukakhala pakhonde n'kumalira phiri lawo limene analisiya.

A ku Old Town anayesa. Mackford, wokhoma zidebe, anabwereka tayi, napalasa njinga mumdima mpaka kufika. Lipenga litalira nyimbo imene ankaikonda, anaimirira tambala ili m'manja, mapewa akugwedezeka kale. Lawford anachotsa lipenga pakamwa.

"Khalani pansi, bambo. Kuno sikumsika."

Mackford anakhaladi pansi, tambala n'kuibweza m'thumba. M'mawa mwake msika wonse unali utamva, ndipo palibenso njinga inaoloka mlatho kulowera kumeneko.

Bandi inaimbira mipando Loweruka ndi Loweruka. Lawford zinkamukomerabe, poti akatsinzina chipinda chinkadzaza: azimayi a zipewa, magalasi akugundana, chifunga chikusuzumira pamasitepe. Akatsegula maso ankapeza Iddi akuyasamula.

"A Chikaonda," anatero Iddi potsiriza, "ng'oma yanga imafuna fumbi. Muno ndikaimenya likundiyankha ndi khoma. Tiyeni tibwerere kwa achemwali anu anthu asanatiiwale."

"Mzinda ukukula. Abwera."

"Akadzabwera mudzawapatse moni."

Anasenza ng'oma yake, wagitala n'kumutsatira. Lawford anatsala yekha. Dzinja litafika, madzi anayamba kutsika masitepe aja mwaulemu, ngati alendo amene anawadikira nthawi yonseyo, ndipo pepala lofiira linayandama pakati pa mipando.

Loweruka lina madzulo ananyamula bokosi lake n'kuyenda wapansi kubwerera ku Old Town. Ali pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe anamva ng'oma ya Iddi, ndipo mtima unadumpha. Atayandikira anamvanso china: nyimbo yake yomwe, imene anaipeka yekha, ikulira pa kodiyoni. Pansi pa mango, pamalo pake penipeni, panaima mkulu wina wa ku Mchinji dzina lake Nebert, akuliza kodiyoniyo, mphumi ili waliwali ndi matambala, maso ali gwa pa anthu ovina.

Naphiri anamupeza pachipata.

"Achemwali, ndabwera. Lipenga ndatenga."

Naphiri anayang'ana tayi, nayang'ana nsapato zamatope. "Lowa, mpando ulipo, tiyi aliponso. Koma pansi pa mango pali mwini tsopano. Anthu sakanadikira Loweruka lopanda nyimbo."

Lawford anakhala kumpanda, bokosi lili pamiyendo. Palibe anamunyoza. Mackford anamugwedezera mutu n'kupitiriza kuvina. Nyimbo itafika pamene lipenga linkakwera kale, Lawford anapisa m'thumba, nayenda mpaka pakati, namata tambala pamphumi pa Nebert. Iddi anamwetulira, natsitsa ng'oma, naimba mokweza monga mwa mwambo:

"Zikomo a Chikaonda, mlendo wathu wa ku London!"

Anthu anaseka, nthungululu zinalira, gule n'kupitirira. Lawford anabwerera pampando wake, ndipo ulendo uno sanatsinzine. Kumpoto, mphepo inkangoyendayenda yokha pakati pa nyumba zoyera zija. Akuluakulu ananena kale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.