Penti Wofiira wa a Chidothi

Sendezani mipando kuno, ana inu, ndipo amene akutafuna chimanga kumbuyoko ayambe wameza. Lero ndikuuzani kumene kunachokera mawu aja timanena tikaona chinthu chonyezimira koma chokayikitsa. Ena adzakuuzani kuti mawuwo ndi akale kuposa galimoto. Asiyeni amenewo, analipo iwo?

Kumapiri a ku Dedza kunali bambo wina, dzina lake Lameki Chidothi. A Chidothi anali ndi galimoto yakale ya pikiapu yonyamula mbatatesi, ndipo ankaikonda koopsa. Mlongo wawo, Nangondo, anali ndi mwana mmodzi yekha, Felesiya. Mwanayo ankakwatiwa Loweruka, ndipo tchalitchi chinali kuchigwa, kumapeto kwa mtsetse wautali wokhotakhota, uja umati ukasuzumira kumbali mutu umazungulira.

"Mwana wa mlongo wanga sangakwere galimoto ya eni ake ine malume ndilipo," anatero a Chidothi pamaso pa abale onse. Ndipo kuti akuchimuna asawaderere, anagula malimu a magudumu atsopano onyezimira, aja okhala ndi mipata ikuluikulu.

Apa m'pamene panayambira nkhawa. Atangomanga malimuwo, mipata ija inaulula zimene malimu akale ankabisa. Kuseri kwa gudumu lakutsogolo lililonse kumakhala chitsulo chimene amakaniki amachitcha kalipa. Ukaponda buleki, chitsulocho chimapana chimbale cha gudumu monga dzanja, galimoto n'kuima, ndipo ukachotsa phazi chimayenera kumasula. Makalipa a a Chidothi anali psuu ndi dzimbiri, dzimbiri la mvula ya kumapiri ya zaka zosawerengeka.

Lachinayi anapita nayo kwa a Mbalule, makaniki wachikulire wa pamsika, munthu wosapupuluma ngakhale polankhula.

"Bambo Mbalule, mundipakire penti wofiira pamakalipawa. Ndamva kuti penti amatchinga dzimbiri."

A Mbalule anagwada, nagogoda chitsulocho ndi sipanala. Tizidutswa tofiira tinagwa pansi.

"Munamva zoona, a Chidothi. Koma penti amatchinga dzimbiri limene likubwera, osati limene linafika kale n'kumanga nyumba. Apa tiyenera kumasula zonse. Tipale ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiyere. Tizule timapini iti, timene kalipa amatsetserekapo, titsuke, tipake girisi. Tiphimbe malabala kuti penti asawakhudze. Tikatero tipake penti wopirira moto, aume, tipakenso."

"Zimenezo zitha liti?"

"Masiku awiri. Mutenge Loweruka m'mawa."

"Masiku awiri! Nanga nkhuni za ukwati atuta ndani? Mipando? Ufa wa kuchigayo? Inu bambo, ukwati sudikira penti."

"Mtsetse ujanso sudziwa ukwati," anayankha a Mbalule, akupukuta manja.

A Chidothi anachoka akung'ung'udza kuti amisiri okalamba amakonda kukulitsa ntchito. Koma mawu aja anawatsatira. Tsiku lonse akututa nkhuni, akangoponda buleki ankatchera khutu.

Lachisanu masana, mipando itatha, anakumbukira kuti m'nyumba munali kachitini ka penti wofiira amene anatsala popaka zitseko. Anakweza galimoto pa jeke, nachotsa magudumu, nayamba kupaka. Kupala? Nthawi yake iti! Burashi itadutsa pa kalipa wakumanzere, kachibenthu ka dzimbiri konga chikhadabo kanatukuka. A Chidothi anakayang'ana. Anacheuka kuona ngati pali wowaona, ndipo anakakanikiza ndi chala n'kukamata ndi penti wambiri. Penti anayenderera mpaka m'timapini tija, nakuta malabala, nalowa paliponse pamene a Mbalule anati asafike.

Koma kukongola kwake, ana inu! Amayi ophika za ukwati anasiya miphika kudzaona.

"Eee, a Chidothi, mpaka mabuleki avala za ukwati!"

A Chidothi anaseka nawo, koma kuseka kwa pakamwa pokha. Madzulo anaiyesa galimotoyo pabwalo la mpira. Inaima ndithu, kungoti inkakokera pang'ono kumanzere. "Ndi penti, sanaumitsitse," anadziuza okha.

Loweruka linafika. Galimoto anaimanga maliboni ndi maluwa. Felesiya anakhala pakati, atavala zoyera, Nangondo nakhala kuchitseko. Kumbuyo kunakwera amayi asanu ndi mmodzi a nyimbo, komanso a Mbalule, poti nawonso anaitanidwa. Asanakwere, mkuluyo anawerama pa gudumu nthawi yaitali, kenaka anabwera pawindo.

"A Chidothi, munapala?"

Nangondo anawayang'ana achimwene akewo. Felesiya nayenso anawayang'ana.

"Ndinapala," anatero a Chidothi.

Mawu amodzi okhawo, koma abodza. Akanati "ayi", pakanapezeka galimoto ina, anthu akanaseka sabata imodzi n'kuiwala. Koma manyazi, ana inu, manyazi!

Ananyamuka nthungululu zili pakamwa. Pachidikha zonse zinali bwino. Atayamba mtsetse, chiwongolero chinayamba kukokera kumanzere, ndipo a Chidothi anachigwira ndi manja onse awiri. Kalipa wakumanzere uja, timapini take titamatidwa ndi penti pamwamba pa dzimbiri, ankapana koma osamasula. Gudumu linkazungulira lili chopanidwa, likutentha.

Pokhota pachiwiri Felesiya anakwinya mphuno.

"Amalume, chikununkha n'chiyani?"

"Anthu akuotcha tchire," anayankha a Chidothi.

Panalibe tchire lopsa. Iwo ankadziwa bwino lomwe. Anaganiza zoima, koma aime pati, msewu wake wopapatiza, kumanja kuli phompho? Nanga akaima anena chiyani? "Tikangodutsa pokhota apo ndiima," anadzilonjeza. Atadutsa anati pokhota penapo.

Kumbuyo nyimbo inaduka. Wina anali kumenya denga ndi chibakera. Anali a Mbalule.

"Utsi! A Chidothi, imani! Gudumu likufuka!"

Anaponda buleki. Phazi linangolowa mpaka pansi ngati aponda phala. Mafuta a mabuleki anali atawira ndi kutentha kuja. Anapondanso, anapondanso, koma kunalibe kanthu. Galimoto inayamba kuthamanga yokha, ndipo kutsogolo kunali pokhota pakuthwa, kuseri kwake kuli mlengalenga mokhamokha.

"Mayo ine, mwana wanga!" anakuwa Nangondo.

A Chidothi analowetsa giya yaing'ono, injini n'kulira ngati ikung'ambika. Anakoka handibuleki. Liwiro linatsika, koma osakwanira. Kumanzere, m'mbali mwa phiri, kunali mtengo waukulu wa mkuyu. Analuma mano, nakhotetsera galimoto kuchipupa cha dothi. Inakhula m'dothimo, malimu atsopano aja akuphwanyika, mpaka inakagunda tsinde la mkuyu. Phuu!

Kunali zii. Kenaka nkhuyu zakupsa zinayamba kugwa pa boneti, imodziimodzi.

Amayi a kumbuyo anali ataunjikana, ena atasupuka, koma onse amoyo. Felesiya analibe ngakhale bala. Pogunda paja mayi ake anali atatambasula dzanja kutsogolo kwa nkhope yake, ndipo dzanjalo ndi limene linalandira zonse. Linali litathyoka pachigongono.

A Mbalule anatsika akutsimphina. Anadikira kuti chitsulo chizizireko, nachikanda ndi kampeni. Penti anasendeka ngati khoko la nthochi, ndipo pansi pake panali dzimbiri lomwe lija, losakhudzidwa n'komwe. Sanakalipe mkulu uja. Anangotola nkhuyu imodzi pa boneti, yofiira bwino, yochititsa dovu, naibenthula pakati pamaso pa a Chidothi. M'kati munali nyerere zokhazokha, zikuthamangathamanga.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero pang'onopang'ono, "m'kati muli nyerere."

Nangondo anali atakhala pansi, atagwira dzanja lake, milomo itauma. Anakweza maso.

"Achimwene, munkadziwa?"

A Chidothi anangogwada m'fumbi momwemo, ali m'suti yawo ya ukwati, n'kuyamba kulira.

Ukwati unachitika ndithu, mochedwa, mayi wa mkwatibwi ali kuchipatala. Galimoto ija a Mbalule anadzaikonza, anapala, anatsuka, anapaka monga mwa dongosolo, ndipo inatsika mtsetsewo zaka zina zambiri. Koma dzanja la Nangondo silinawongokenso. Felesiya atabereka mwana wake woyamba, agogo akewo ankachita kupempha munthu kuti awaikire mdzukulu kumsana ndi kuwamangira nsalu. A Chidothi akakhalapo, ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Amayi a nyimbo aja ndi amene anafalitsa mawu a a Mbalule, mpaka lero timati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tanthauzo lake n'lakuti kukongola kwa kunja sikukuuza za m'kati, choncho chinthu uyambe wachibenthula usanachikhulupirire, kaya ndi katundu, kaya ndi munthu wa mawu okoma. Koma inu muonjezepo ichi, poti nkhuyu siidzipaka yokha utoto pamene ife anthu timatero. Mukapeza dzimbiri pa ntchito yanu kapena pa khalidwe lanu, palani kaye, ngakhale anthu akusekeni. Mukangopaka pamwamba, tsiku la mtsetse lidzafika, ndipo kawirikawiri dzanja limene limathyoka silikhala lanu.