Latif Wachibwibwi ndi Katundu wa Basi ya ku Chipata

Pa siteshoni ya Intercity, Chibwe ankayang'anira antchito a kampani ina ya mabasi opita ku Chipata. Mwa anthu ake munali Latif, bambo wa ku Kabwata wachibwibwi chadzaoneni, koma katswiri polongedza katundu m'mimba mwa basi. Ankangoyang'ana tikiti kamodzi basi: wotsikira ku Chipata katundu wake mkati, wa ku Katete pakati, wa ku Nyimba pakhomo. Zaka zisanu ndi zinayi, ngakhale mbale imodzi sinasweke.

Koma Chibwe anali mmodzi mwa anthu aja amene mukawapatsa nsalu yatsopano amayamba ndi kufunafuna pobooka. Chibwibwi chija chinkamusowetsa mtendere.

"Ba Latif, kuyambila mawa muzaima pageti, muziitana makasitoma," anatero Chibwe. "Lilime iyo ifunika practice."

"Bo-bo-bosi, nanga katundu?"

"Katundu aliyense angaike. Ise tifuna kukonza pamene muli weak."

Milungu itatu Latif anaima padzuwa. Akati "Chi-chi-chi," anzake a mabasi ena ankakhala atamaliza kale "Chipata!" ndi kunyamula chikwama cha wokwerayo. Ogulitsa zipatso ankamuyeserera poyera. Bambo wa ana anayi n'kumabwerera kwawo nkhope ili pansi, chibwibwi chitaonjezeka.

Kumseu nako zinthu zinavuta. Pa Nyimba basi inkaima ola lathunthu, katundu yense atatsitsidwa pofuna thumba limodzi. Tsiku lina makina osokera a mayi wina anafika ataphwanyika pansi pa matumba a feteleza. Foni ya Chibwe sinkapuma, ndipo iye anatopa mpaka m'mafupa. Komabe ankati mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Lolemba lina pageti panalibe munthu. Chibwe anazungulira siteshoni, ndipo anamupeza Latif atagwada pansi pa basi ya kampani ina, akulongedza mwakachetechete, atavala malaya a eni basiyo.

"Ba Latif, bwelani. Tizakambilana."

Latif anakankha thumba, anapukuta thukuta.

"Ku-kuno sibananifunse kukamba, bosi. Banangoona manja."

Chibwe zinamuwawa zedi, chifukwa palibe amene anamulanda munthuyu, anamupereka yekha. Anataya manja amene anali nawo pothamangitsa lilime limene silinabwere. Akulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.