Nguluwe Wodana ndi Kuuzidwa

Kalekale, nyama zikadapikisana kulumpha makwawa, kunali Gologolo wina wokalamba. Mchira unali utachita imvi, mano atatsala apa ndi apo, koma akati alumphe, anyamata ankangogwira pakamwa. Ana inu mukuseka, koma tafunsani akuluakulu ali apawa ngati angalumphe ngakhale mzere wa mbatata.

Mankhwala analibe. Kungoti m'mawa uliwonse, asanakwere mtengo, ankayamba wawongola thupi. Mwendo uwu, tambasu! Mwendo uwo, tambasu! Kenako n'kumathamanga pang'onopang'ono mpaka thupi litatentha.

M'mbali mwa khwawa munali mtengo wa masau. Ndiwo unkadyetsa Gologolo ndi banja lake nyengo yonse yozizira. Tsiku lina kunabwera Nguluwe, chimimba chili lende. Anatola masau akugwa, anagwedeza mtengo n'kudya ena, kenako anayamba kufuna pogona patsinde.

"Achimwene, musagone pamenepo, pali linthumbu," anatero Gologolo.

"Ukuuza ndani?" anatero Nguluwe, n'kugona pomwepo. Linthumbu linamuluma, iye n'kumangoti nyung'unyung'u, koma kusuntha ayi. "Ndipo umve mdala iwe, kuyambira lero mtengo uno ndi wanga."

"Nanga ife tidya chiyani?"

"Muzidya tambasu tambasu wanuyo."

Gologolo anadandaula kwambiri, chifukwa popanda masauwo ana ake akanafa ndi njala. Koma anali ataona kanthu. Nguluwe ameneyu ukamuuza kuti khala, amaimirira.

"Achimwene," anatero, "tiyeni tilumphe khwawali. Wofika tsidya osanyowa, mtengo ndi wake. Koma chonde tisachite m'mawa kukuzizira. Tidikire dzuwa, tiyambe tawongola miyendo."

"Ukuuza ndani? Mawa m'mamawa, mame asanaume!"

Kutacha, nyama zinasonkhana, mano ali gwegwegwe ndi chisanu. Gologolo anali atayamba kale. Mwendo uwu, tambasu! Mwendo uwo, tambasu! Nguluwe anafika akuyasamula, manthongo ali m'maso, masau adzulo akadali m'mimba.

"Achimwene, tawongolani miyendo kaye."

"Za nkhalamba zimenezo! Patukani!"

Gudugudugudu, jowa! Ali m'mwamba momwemo, mnofu wa pantchafu unati thapu! Nguluwe m'madzi, khuvuu! Gologolo anangothamanga pang'ono, jowa, uyo ali tsidya, mchira uli gwa, wouma.

Anyani anamuvuula Nguluwe akukuwa ngati khanda. Koma ngakhale akulira choncho, pakamwa sipanatseke.

"Tibwerezanso! Ndinaterereka! Tibwerezanso!"

Nyama zinavomera kuti abwereze akachira. Apa Gologolo anayamba kuganiza. Ankadziwa bwino kuti Nguluwe atachira, n'kuwongola miyendo yake yamphamvuyo, khwawa limenelo angalilumphe akutafuna masau. Ndiye anatani? Anapita kukamuzonda wodwalayo. Anamuthira madzi ozizira pantchafu, anamumanga bwinobwino ndi luzi, n'kumuikira mwendo pachitsa.

"Achimwene, mverani. Mwendowu upume. Kutupa kukaphwa, muyambe kuyenda pang'onopang'ono, lero apa, mawa apo. Musathamange ululu usanatheretu. Mukatero mudzachira, ndipo ineyo mudzandiposa."

Gologolo atachoka, Nguluwe anayamba kulingalira. "Kamdala kochenjera aka! Kakufuna ndizingogona pano, iko kakumaliza masau anga. Kakuuza ndani?"

Anamasula luzi, n'kulitaya uko. Kutupa kusanaphwe n'komwe, uyo akubwera, tsimphi, tsimphi, akukuwa kuti nyama zisonkhane.

"Achimwene, bwererani mukagone. Simunachire."

"Patuka!"

Ulendo uno sanalumphe n'komwe. Atangofika m'mphepete, mwendo unakana, ndipo anagubuduzika, gubudu, gubudu, mpaka m'madzi, khuvuu! Anyani anaseka mpaka ena kugwa m'mitengo. Gologolo, tambasu, tambasu, jowa, tsidya.

Tsopano Nguluwe anagona osauzidwa ndi munthu. Anagona masau mpaka kutha, mphepo yozizira mpaka kusiya. Banja la Gologolo linadya, linayanika ena, ana mpaka kunenepa masaya.

Atayamba kuyendako, Nguluwe anatsimphina mpaka pamtengo paja. Anapeza Gologolo akuphunzitsa adzukulu ake kuwongola miyendo.

"Mdala iwe, unandipusitsa!"

"Ine, achimwene? Tatchulani bodza limodzi lokha lomwe ndinakuuzani."

Nguluwe anatsegula pakamwa. Anaganiza za linthumbu. Anaganiza za chisanu, za luzi, za chitsa chija. Anafunafuna bodzalo, anafunafuna, osalipeza. Anatseka pakamwa, anazyolika, n'kumapita akung'ung'udza. Mpaka lero mukakumana ndi nguluwe, mudzaiona mphuno ili pansi, ikufukula apa, ikufukula apo. Musaisokoneze, ikufunabe bodza la Gologolo.

Nthano yanga yathera pamenepa, wina akaphule mbatata zisanapserere. Ndipo inu anyamata a mpira wa Loweruka, ine sindikuuzani kuti muziwongola miyendo musanalowe m'bwalo, ayi. Ndikuuzeni ndine ndani? Kungoti luzi lilipo lambiri kuseri kwa nkhokweko.