Ndevu za Chimasaya

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu omwe, m'nyumba ina ya m'tauni munali mphaka, dzina lake Chimasaya. Sanali mphaka wamba ayi. Anabwera pa ndege m'kabokosi, ndipo kukacha ankadzitama yekha: mutu wozungulira ngati dzungu, makutu aafupi, maso ngati uchi, miyendo yaifupi yojintcha, ubweya waufupi wothithikana, wotuwa ngati phulusa. Mkaka ankamwa, nsomba ankadya, koma wadyera sakhuta. Mbewa za m'nyumbamo anazitha imodziimodzi.

Anatsala Kapuku, kambewa kamasiye, ndi ana ake akhanda kuseri kwa thumba la mtedza. Mwamuna wake anali atapita kale m'mimba mwa Chimasaya. Kapuku ankafuna kusamutsira ana kudimba, koma njira inali yodutsa m'khitchini, ndipo m'khitchinimo ndi momwe munkagona mwini dyera. Mayi uja mtendere analibe. Asuzumire, abwerere. Asuzumire, abwerere. Ana akati tswii, khutu la mphaka linkati gwede.

Tsiku lina Kapuku anakwera pamwamba pa kabati.

"Zikomo, bwana!"

"Tsika, mayi, ndikumve bwino," anatero Chimasaya akunyambita milomo.

"Pompano pali bwino, bwana. Ndimangosirira. Mtundu wanu ndi uja wa ubweya waufupi?"

"Ulibe maso? Ubweya waufupi, makutu aafupi, miyendo yaifupi. Agogo anga onse anali otero."

"Nanga ndevuzo munabwereka kwa yani?"

"Zatani ndevu zanga?"

"Aa, pepani, pakamwa panga ine! Kungoti zatalika ngati za amphaka akudzala. Abuluzi akunong'ona kuti mwina agogo anu ena ankayendayenda."

Chimasaya anadzambatuka. Anapita pa beseni la madzi, nadziyang'ana. Anakhala pansi, nadzukanso. Anagona chammbali, nadzukanso. Ndevu zili yangayanga! Mkaka tsiku limenelo unamuwawa.

"Bwera uzidule," anatero.

"Ine? Mundidya, bwana."

"Ndalumbira pali mchira wanga!"

"Ndiye tsinzinani."

Kapuku anatsika, nayamba kudula ndi mano. Kheche kheche, kumanja. Kheche kheche, kumanzere. Ndevu zonse mbwee pansi.

Tsono mvetserani, ana inu. Mphaka amayeza una ndi ndevu. Zikagunda m'mbali, amadziwa kuti thupi silidutsa, ndipo amabwerera. Mphaka aliyense wakudzala amazidziwa zimenezi. Koma Chimasaya anakulira pa mtsamiro. Kukongola kwake ankakudziwa pamtima, koma ntchito ya ndevu zake sankaidziwa.

Atatsegula maso anati, "Ntchito yako waitha, mayi. Tsopano ndiyambe yanga."

"Nanga lumbiro lija?"

"Analumbira ndi mchira. Pakamwa sipanamve."

Kapuku liwiro! Mphaka pambuyo! Azungulire mbaula, mbale gwengwerere! Azungulire ndowa, madzi khuthu! Kapuku anati lowu m'paipi yotayira madzi yotulukira panja. Chimasaya anafika pa paipi, ndevu zomuchenjeza palibe. Mutu tswii, masaya thi! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Kapuku anatulukira panja, nalowanso pakhomo. Ananyamula mwana, nadutsa pafupi ndi mchira wa bwana. Anabwerera, nanyamula wina, mpaka onse anafika kudimba. Ndi womaliza kukamwa, anaima pang'ono, namuika pansi.

"Abuluzi amanama, bwana," anatero. "Mutu umenewu ndi wa mtundu weniweni. Wadzaza paipi yonse, mpata palibe!"

Chimasaya anayankha, koma mawu anamvekera kudimba: "Nyauuu!" Mayi mwini nyumbayo anachita kumuthira mafuta ophikira m'khosi, namukoka ndi mchira womwe uja analumbirira.

Nthano yanga yakanirira m'paipi momwemo, wofuna akaikoke yekha. Koma inu akuluakulu mukusekanu, munthu akayamba kukuyamikirani kwambiri, gwirani ndevu zanu.